Kuseri kwa chitseko cha kukhitchini: lesitilanti ya Matchaina ndi buku la Sour Sweet

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya malo amodzi amene ayamba kuonekera pafupipafupi m'nkhani zazifupi zimene timalemberana muno: lesitilanti yapamwamba ya Matchaina, ija ya kudera la anthu ochita bwino, ya mlonda pageti ndi nyali zofiira pakhomo.

Mukudziwa mmene timailembera. Mlembi akafuna kutionetsa kuti bambo uyu ndalama ali nazo, amamukweza m'galimoto yakuda pamodzi ndi mtsikana wa kukoleji n'kukawatsitsa pamalo otere. Mtsikana amavutika ndi timitengo todyera, bambo amaseka, bilu imafika, ife n'kuuzidwa kuti ndalamayo ikanakwana malipiro a mphunzitsi a mwezi wathunthu. Basi, nkhani yapitirira kugalimoto. Mwini malo akaonekera, ntchito yake ndi kumwetulira kapena kupotoza Chichewa kuti tiseke. Woperekera zakudya alibe dzina. Wophika ndiye sitimuona n'komwe. Pa zonse zimene zili m'nyumbamo, ife tatolamo mtengo wokha.

Mfundo yanga ndi yakuti mlembi amene wakhala patebulo pokha waona theka la nkhani. Theka linalo lili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, ndipo pali buku limene linalowa kumeneko n'kutulukako ndi zambiri. Koma tisanafike pa bukulo, tione kaye zimene timaphonya ngakhale patebulo pomwepo.

Kudya kwa Chitchaina kuli ndi malamulo ake. Pamalo apamwamba tebulo limakhala lozungulira, pakati pake pali galasi lotembenuka. Munthu saitanitsa mbale yakeyake. Woitana anzake ndiye amasankha zakudya za onse, ndipo luso lake limaonekera pa kasakanizidwe: chowawa tsabola chikhalepo, chofatsa chikhalepo, chokazinga, chophika ndi nthunzi, nyama, masamba. Mlendo wolemekezeka amakhala moyang'ana kukhomo. Paphwando zozizira zimayamba, zotentha zimatsatira, mpunga umabwera chakumapeto. Nsomba imabwera yathunthu ndi mutu womwe, chifukwa m'chinenero chawo mawu oti nsomba amamveka mofanana ndi mawu otanthauza zochuluka mpaka kutsala. Tiyi umayamba wathirira anzako, ndipo kwa anthu olankhula Cantonese wothiriridwayo amagogoda patebulo ndi zala pothokoza. Timitengo sitizikidwa chilili mumpunga, chifukwa timafanana ndi timitengo ta lubani toyatsira akufa. Pamapeto bilu imalimbaniridwa, pakuti kulipirira anzako ndi ulemu.

Taonani chuma chimene chili pamenepa kwa wolemba nkhani. Ndani watembenuzira galasi kwa mnzake kuti ayambe kutapa? Ndani wadzithirira tiyi yekha? Ndani wakoka mbale ya onse n'kuiika patsogolo pake? Ife a mbale imodzi ya ndiwo, amene timadziwa kuti mwana sayamba kutapa nyama akulu asanayambe, tikanayenera kukhala oyamba kumva chinenero chimenechi. Khalidwe la mtengambali likhoza kuonekera lonse popanda kutchula mtengo wa chakudya.

Tsopano bukulo. Sour Sweet linalembedwa ndi a Timothy Mo ndipo linatuluka m'chaka cha 1982. A Mo anabadwira ku Hong Kong mu 1950, bambo awo Mtchaina, mayi awo Mngelezi, ndipo anasamukira ku Britain ali mwana. Bukuli linafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Booker, linapata mphotho ya Hawthornden, ndipo mu 1988 linasanduka filimu imene a Ian McEwan analemba mawu ake. Ndichenjezeretu kuti m'munsimu ndiulula mathero.

Nkhani ikuchitikira ku London m'zaka za m'ma 1960. Chen ndi woperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Soho, dera limene Matchaina anali kukhazikitsa malonda awo. Amakhala ndi mkazi wake Lily, mwana wawo Man Kee, ndi Mui, mkulu wake wa Lily. Anthu ngati Chen analipodi ambiri. Ulimi wa mpunga kumidzi ya New Territories ku Hong Kong unali utalowa pansi chifukwa cha mpunga wotchipa wochokera kunja, makamaka ku Thailand, ndipo anyamata ankapita ku Britain kukagwira ntchito m'malesitilanti a abale awo. Lamulo la 1962 lochepetsa anthu olowa m'dzikolo kuchokera kumayiko a Commonwealth linachititsa kuti munthu azifunika chikalata cha ntchito asananyamuke. Wopereka ntchitoyo nthawi zambiri anali mwini lesitilanti wa kumudzi kwawo komweko. Motero munthu ankatsika ndege ali kale m'manja mwa bwana.

Chinthu choyamba chimene a Mo achita bwino ndi kutionetsa kuti m'nyumba imodzi muli zakudya za mitundu iwiri. Pali chimene chimatuluka pachitseko kupita kwa Angelezi, nyama ya nkhumba ya msuzi wofiira wotsekemera mowawasa, chimene antchito eni ake amachiona ngati zinyalala. Ndiye pali chimene antchitowo amadya okha makasitomala kulibe. Wodya patebulo amapukuta pakamwa poganiza kuti walawa dziko la China, pamene wamupatsa mbaleyo sangaiyandikize n'komwe kukamwa kwake. Mlembi sakunyoza kasitomala, sakunyozanso wophika. Akungotionetsa malonda mmene alili: wina akugula chimene akufuna kukhulupirira, wina akugulitsa chimene chikuyenda. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna, ndipo apa mwambiwu ukugwira mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi msuzi wa Lily. Chen amabwera kunyumba usiku atadya kale kuntchito, koma mkazi wake amamuikirabe msuzi, ndipo iye amamwa ngakhale mimba yadzaza. Lily amakhulupirira kuti thupi limafuna kulinganiza zotenthetsa ndi zoziziritsa, komanso kuti mkazi amene sanadyetse mwamuna wake sanakwaniritse udindo. M'kambale kameneko muli banja lonse: chikondi chilimo, kukakamiza kulimo, kusalankhulana kulimonso. Chen sanena kuti wakhuta. Pambuyo pake sanenanso kuti ali m'mavuto. Kalata itabwera yoti bambo ake kumudzi adwala ndipo pakufunika ndalama, iye akuyesa njuga, akuluza, kenako akulandira ndalama kwa gulu lachinsinsi la zigawenga la Triad. Katapila wa mtundu umenewo sabwezedwa ndi ndalama zokha. Lily sauzidwa kanthu. Wowerenga watcheru amakhala ataona kale khalidweli pa mbale ya msuzi ija, ndipo apa mpamene ndimati a Mo ndi mmisiri: chakudya chikugwira ntchito ya tsatanetsatane wa nkhani, sichinaikidwemo ngati maluwa a patebulo.

Pothawa ngongoleyo Chen avomera maganizo amene Lily wakhala akumuumiriza, oti atsegule malo awoawo. Asamukira kum'mwera kwa London, pafupi ndi galaja ya bambo wina Mgiriki, n'kuyamba kugulitsa zakudya zonyamula kwa oyendetsa malole ndi anthu a m'deralo. Pano bukuli likutembenuza maso athu. Tazolowera kuona Mtchaina kuchokera kutsogolo kwa kauntala. A Mo akutiimika kuseri kwake, ndipo odabwitsa tsopano ndi Angelezi. Kwa Lily, azunguwa nkhope zawo n'zofanana, amadya mosalongosoka, ndipo amataya makolo awo okalamba m'nyumba zosungira nkhalamba. Tsankho limene iye amalandira, nayenso ali nalo lake. Mui, amene poyamba ankangokhala pa wailesi ya kanema osatuluka panja, ndiye akudzaphunzira msanga kukhala ndi eni dziko, chifukwa masewero a pa kanemayo anali sukulu yake. Amene tinkamuyesa wofooka ndi amene wazika mizu.

Olemba m'Chichewa palinso phunziro la kalankhulidwe. Atengambali amalankhula Cantonese, koma buku lili m'Chingelezi. A Mo sanawapatse Chingelezi chothyokathyoka choseketsa. Akamalankhulana okhaokha, mawu awo amamveka aulemu ndi olongosoka, ndipo amaitanana ndi maudindo a pachibale. Lily satchula mwamuna wake dzina, monga mmene amayi athu amanenera kuti abambo a uje. Tikamalemba Mtchaina wa ku Lilongwe akulankhula Chichewa chopotoka, tizidzifunsa kuti munthu yemweyu akamaimbira foni mayi ake usiku amamveka bwanji. Ngati sitingathe kumumva m'maganizo mwathu akulankhula bwino, ndiye kuti sitinamulenge, tangomujambula pakhoma.

Koma bukuli lili ndi chilema, ndipo sindichibisa. Mitu yake imasinthana: wina wa banja la Chen, wotsatira wa akuluakulu a Triad, ndi miyambo yawo ya malumbiro, maudindo awo, malonda a mankhwala ozunguza bongo ndi nkhondo yawo ndi gulu lina. Zikuoneka kuti mlembi anafufuza kwambiri, koma kafukufukuyo akuonekera ngati nsanamira za nyumba yosapaka pulasitala. Zigawengazo zimalankhula ngati zikuwerenga malamulo a bungwe. Ukafika pa mitu imeneyi mtima umafulumira kubwerera kukhitchini kwa Lily. Ndikumvetsa cholinga chake: akufuna tione kuti gulu la zigawenga nalonso limadzitcha banja, limafuna kumvera ndi kukhulupirika monga banja lenileni. Mfundoyo ndi yabwino, koma ikubwerezedwa mpaka kutopetsa. Choopsa china n'chakuti wowerenga wa ku Britain wa 1982, amene ankaganiza kale kuti kuseri kwa lesitilanti iliyonse ya Matchaina kuli zigawenga, akanatseka bukuli atalimbikitsidwa m'maganizo akewo. Buku lotsegula chitseko chimodzi likhoza kukhomerera china.

Ngakhale zili choncho, mathero ake amalipira zonse. Chen akusowa. Ife owerenga tikudziwa kuti zigawenga zamupha, koma Lily sakudziwa. Kenako ndalama ziyamba kufika mwezi ndi mwezi, zopanda kalata, zotumizidwa ndi gulu lomwe lija. Lily akhulupirira kuti mwamuna wake ali moyo kwinakwake, akugwira ntchito ndipo akukumbukira banja. Palibe kulira, palibe maliro. Mayi akupitiriza kugulitsa, mwana akukula, ndipo wowerenga yekha ndiye wasenza mtembo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga zonsezi zikukhudzana bwanji ndi malo apamwamba, poti Chen ankagulitsa chakudya cha oyendetsa malole? Zikukhudzana kwambiri, chifukwa lesitilanti yapamwamba ya Matchaina kunja kwa China inamera pa nthaka yomweyi ya malamulo a zolowa m'dziko ndi kunyozedwa. Ku America, lamulo la 1882 linaletsa antchito a Chitchaina kulowa m'dzikolo, koma linasiya mpata kwa amalonda. Kuyambira mu 1915 mwini lesitilanti anayamba kuwerengedwa ngati wamalonda, bola malo akewo akhale apamwamba ndipo iye asamagwire ntchito ya manja monga kuphika kapena kuperekera zakudya. Anthu ankasonkherana ndalama n'kutsegula malo aakulu okongola, n'kumasinthana udindo wa bwana kuti aliyense apeze mapepala ndi kuitanitsa abale. Nyali zonyezimira zija zinali njira yodutsira pachipata cha boma.

Ena anamenya nkhondo ina, yofuna kuti chakudya chawo chilemekezedwe. Mayi Cecilia Chiang anatsegula The Mandarin ku San Francisco mu 1961, nakana kuphika zakudya zosakaniza zimene Amereka ankaziyesa za Chitchaina, n'kubweretsa kaphikidwe ka kumpoto kwa China, ka ku Sichuan ndi madera ena. Ku London komwe kuja, a Andrew Wong anatsegula A. Wong mu 2012 ku Pimlico, m'nyumba yomwe makolo awo ankachitiramo malonda a lesitilanti. Mu 2021 malowa analandira nyenyezi yachiwiri ya Michelin, kukhala lesitilanti yoyamba ya Chitchaina kunja kwa Asia kufika pamenepo. Tikayerekeza ndi bukuli, a Wong ali ngati Man Kee atakula: mwana wa m'lesitilanti amene anaphunzira sukulu, nabwerera kukhitchini, n'kuyamba kupatsa makasitomala chakudya chimene iye mwini amachinyadira.

Ulendo umenewu sunali wophweka. Kwa zaka zambiri anthu a kumayiko a azungu ankavomera kulipira ndalama zambiri pa chakudya cha Chifalansa, koma cha Chitchaina ankati chiyenera kukhala chotchipa, ngakhale bakha wa ku Beijing amafuna kuumitsidwa maola ambiri asanawotchedwe ndipo tizakudya ta dim sum timapindidwa ndi manja kamodzikamodzi. Mu 1968 kalata ina m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inayambitsa mphekesera yoti chakudya cha m'malesitilanti a Matchaina chimadwalitsa, ndipo mlandu unagwera mchere wokometsera wa MSG. Kafukufuku wa pambuyo pake sanapeze umboni wokwanira wotsimikiza zimenezo pa mlingo umene anthu amadya, ndipo mchere womwewo uli m'timabuloko tambiri tokometsera ndiwo timene timagula m'magolosale athu. Koma dzina loipa linakhala. Choncho mtengo wokwera wa pamalo ngati A. Wong ulinso ndi mbali ya kubweza ulemu umene unalandidwa.

Apa mpamene ndikuona kuti Sour Sweet ikufunikabe lero. Malo apamwamba amakono aphunzira kugulitsa nkhani pamodzi ndi chakudya. Menyu imakuuza chigawo cha China kumene chakudyacho chinachokera, woperekera amakufotokozera mbiri yake, ndipo malo ena khitchini ili poyera kuti uziona moto ukulilima. Chitseko chija chachotsedwa, eti? Koma nkhani imene menyu ingakuuze ndi yokhayo yotsegula mtima wofuna kudya: mafumu akale, misika ya usiku, agogo aluso. Menyu singakuuze za ngongole, za chikalata cha ntchito chimene chili m'thumba la bwana, kapena za munthu wotsuka mbale amene mwana wake sanamuone zaka zisanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti tileke kudya nkhuyu. Ndikunena kuti wotsatsa malonda amalemba za khungu, ndipo mlembi wa nkhani ndi amene ali ndi ufulu woing'amba.

Tibwere kwathu. Dziko lino linakhazikitsa ubale ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, litasiyana ndi Taiwan. Chiyambire pamenepo taona Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, Bingu National Stadium ndi sukulu ya MUST ku Thyolo zikumangidwa ndi thandizo la China, komanso masitolo ndi malo odyera m'mizinda yathu. Anthu amenewa takhala nawo zaka zoposa 15. Pali zodandaula zenizeni pa nkhani ya malipiro, kasamalidwe ka antchito ndi mpikisano ndi amalonda ang'onoang'ono, ndipo mlembi asaope kuzilemba. Koma dandaulo limagwira mtima likakhala ndi anthu enieni mbali zonse. Mu lesitilanti imodzi ya mumzinda mukhoza kukhala mwini malo amene anakongola ndalama kwa abale kuti afike kuno, mkazi wake wosadziwa Chichewa kapena Chingelezi amene tsiku lonse amangoyang'ana pafoni, mnyamata wa ku Ntcheu amene waphunzira kugwedeza chiwaya chakuya chija pamoto waukali koma masana amadya nsima ya usipa kuseri, ndi mtsikana woperekera amene waloweza mayina a zakudya makumi angapo zimene sanalawepo. Zakudya ziwiri m'nyumba imodzi, monga m'buku la a Mo, kungoti pano wodyera kuseri ndi mbale wathu.

Ndipo Chen si mlendo kwa ife. Ndi achimwene athu amene akuperekera zakudya ku Cape Town, ndi malume amene akutsuka mapoto ku Johannesburg, akumwetulira makasitomala pamene foni m'thumba ikunjenjemera ndi uthenga woti mayi agonekedwa kuchipatala. Lily wolandira ndalama zopanda kalata timamudziwanso. Agogo athu ambiri anadikira amuna amene anapita ku Joni pa Wenela, kapena ku Salisbury, ena n'kukhala matchona osabwereranso. Mlembi wobadwira ku Hong Kong analemba nkhani ya mayi wodikira ameneyu zaka zoposa 40 zapitazo, kudzera pa kauntala ya zakudya zonyamula. Ife tili ndi nkhani yomweyo m'mabanja mwathu, koma tikalowetsa atengambali athu mu lesitilanti timathera pa bilu.

Sindikuletsa bambo wa galimoto yakuda uja ndi mtsikana wake. Abwere ndithu, akhale patebulo lozungulira, ayitanitse bakha. Pempho langa ndi lakuti mbale ikatha, mlembi asatuluke nawo msanga kupita kugalimoto. Atsatire mbale yakudayo kumene ikupita, aone amene akuilandira, amve chinenero chimene akudandaulira, adziwe chimene iye wadya lero.

Amene munawerengapo Sour Sweet, kodi mitu ya zigawenga ija inakukomerani, kapena nanunso munkaidumpha? Ndipo amene munagwirapo ntchito kukhitchini ya lesitilanti, kuno kapena kunja, tiuzeni chimene olemba timalakwitsa. Sabata yamawa zokambirana zathu ziyambire pa mayankho anuwo.